Kugogoda kwa pansi pa boti

Anzanga, zimene ndikulemba panozi si nthano ayi, ndiponso sindinachite kuzimva kwa munthu pa mzere wa kuchigayo, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo Mulungu amene ndimamugwadira m'mawa uliwonse akudziwa kuti sindikuwonjezerapo kanthu. Sukulu ine ndinalekezera ku pulayimale, ndiye pamene ndaphonya mundikhululukire. Mayina sinditchula, chifukwa ena mwa anthu ake anatisiya kale, ena alipo ndipo timapatsana moni kutchalitchi.

Zinachitika nthawi ya chipani chimodzi ija, zaka zimene abale athu othawa nkhondo ankalowa pa Muloza ndi mitolo pamutu. Tinkakhala kukomboni ya esiteti ina ya tiyi, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Ine ndinkathyola tiyi, amuna anga anali kalipentala wa pa esiteti pomwepo, ndipo m'nyumba tinkakhala ndi apongozi anga, mayi awo a amuna angawo, amene anatitsatira madala awo atamwalira. Mwana tinali naye mmodzi yekha, wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ameneyu tinamupeza nditapita padera kawiri, ndiye mutha kudziwa nokha mmene ndinkamuonera.

Kumunsi kwa fakitale kunali damu lalikulu, ndipo kale bwana wina wachizungu ankayendapo Lamlungu ndi kaboti kake ka fayiba, kopanda injini, kongokankhidwa ndi mphepo pa thanga. Bwanayo atabwerera kwawo, botilo linangotayidwa kuseri kwa garaja zaka ndi zaka, nkhuku n'kumayikiramo mazira, m'mbali mwake litang'ambika malo atatu, penti yonse itasupuka. Bwana watsopano atalamula kuti litenthedwe pamodzi ndi zinyalala, amuna anga anakapempha kuti awapatse, ndipo anawalola. Bambo awo anali osema mabwato ku mtsinje wa Ruo, ndiye iwo akuti kuona boti likupsa kunali ngati kuona chakudya chikutayidwa.

Analibweretsa pa ngolo ya thirakitala n'kulikhazika pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo ine ndinakhala ngati ndili pa mitala. Akangoweruka, osavula n'komwe ovolosi, ali pa boti kupala ndi sandipepala mpaka dzuwa kulowa. Fayiba, kwa inu amene simunayigwirepo, fumbi lake ndi loyera ngati ufa koma limayabwa kuposa chitedze, limalowa m'zofunda ndi m'makutu momwe, moti tonse m'nyumba tinkangokhalira kukanda. Ming'alu ija ankayimata ndi nsalu yonyezimira ngati ulusi wa galasi, n'kupakapo mankhwala onunkha amene ankamatira matanki a madzi ku fakitale, otsalira m'zitini amene mkulu wa ku garaja ankawapatsa. Anzawo akamadutsa ankawafunsa ngati analota kuti chigumula chikubweranso, ena n'kumati achimwene, mutisungireko malo ife ndi mbuzi zathu. Apongozi anga nawo ankati bwato lenileni limachokera mu mtengo, ichi n'chibeseni chosambiramo mzungu basi. Iwo ankangoseka, akuti sekani lero, mawa muzidzachita kundipempha kuti ndikuwolotseni.

Sindinganame, ine ndinkanyadira. Mwamuna wosamwa, wosayenda m'mabala, chimene chamugwira mtima n'kukonza chinthu chakufa kuti chikhalenso chamoyo, ukadandaule chiyani? Thanga ndinasoka ndine, ndi lona lakale la pa lole. Mlongoti wake unali utasowa kalekale, ndiye anadula bulugamu wowongoka, wolemera ndithu, akuti kuti mphepo isauthyole.

Tsono pali chinthu chimodzi. Pakati pa botilo panali kabokosi kopyapyala koyimirira, kokhala ndi mpata wautali ngati pakamwa pa bokosi loponyamo makalata, ndipo ukasuzumiramo unkaona pansi. Amuna anga anandiyitana kuti ndidzaone, akuti mayi a mwana, taonani chimene chinaphetsa boti limeneli, kodi boti liti padziko limayenda ndi chiboo kumimba? Anasema thabwa n'kulikhomera mu mpatawo, n'kumata fayiba pamwamba ndi pansi, kawirikawiri, mpaka posadziwika kuti panali kanthu. Kenako tinatunga ndowa za madzi n'kuthira m'botimo kuti tione ngati lidonthe, ndipo silinadonthe ngakhale kadontho kamodzi. Madala amene anali khukhi wa bwana wakale uja ankakhala nyumba yachinayi kuchokera pathu, koma palibe anaganiza zokawafunsa, nanga munthu n'kufunsa ngati chiboo chiyenera kutsekedwa?

Linatha mu Okutobala, atalipaka penti ya buluu, ndipo anasankha Lamlungu masana titachoka kutchalitchi. Kunatentha tsiku limenelo, madzi a pa damu ali bata ngati mu mbale, ndipo komboni yonse inatsikira kumeneko, ena atanyamula chinangwa chophika ngati akupita ku mpira. Mwana wanga anali atalonjezedwa kalekale ndi bambo ake kuti adzakhala woyamba kukwera. Ndinakana, ndinakananso kachiwiri, koma iwo anati angozungulira m'mphepete momwemu, posafika n'komwe m'khosi, mwana naye ali amayi chonde, amayi chonde, ndiye kachitatu ndinangowasiya. Ndinamuvula diresi la kutchalitchi kuti lisade, anakwera ndi kadiresi kakale, ine n'kutsala nditagwira lija m'manja.

Poyamba zinayenda bwino, anthu mpaka kuwomba m'manja. Kenako kunatsika mphepo kuchokera m'phiri, ija imabwera mwadzidzidzi mvula yoyamba ikayandikira, yonyamula fumbi ndi masamba. Thanga linafufuma, boti m'malo mopita kutsogolo linayamba kuyenda cham'mbali ngati nkhanu, kulowera pakati pa damu, amuna anga akulimbana ndi chiwongolero koma boti osamva. Linapendekeka, linadzuka, linapendekekanso, mtengo wa m'munsi mwa thanga unazungulira n'kuwamenya pamutu, basi boti lonse gubudu, chafufumimba. Mlongoti unazuka n'kuyandama pawokha ndi lona langa lija.

Amuna awiri odziwa kusambira anadumphira m'madzi, n'kubwera nawo amuna anga akutuluka magazi pachipumi, osadziwa kumene ali. Mwana sanaoneke. Chimene chinkayandama ndi patapata wake mmodzi basi.

Anthu aamuna anayamba kumira pamalo pamene boti linagubuduzika, ena anathamangira kukadula nsungwi zazitali zofufuzira pansi. Botilo, msana uli m'mwamba, mphepo inalikankha pang'onopang'ono mpaka linakatsakamira mu bango kutsidya, ndipo palibe analiyang'ana kawiri. Musawaweruze, ambiri mwa iwo anakulira ku Ruo, ndipo amadziwa kuti bwato la mtengo likagubuduzika mumadzaza madzi, simukhala chilichonse, munthu umamufuna pansi. Kapitawo wathu wa pa esiteti anatuma munthu ku ofesi kuti akayimbire apolisi, ndipo ena atangomva zimenezo anayamba kuzemba mmodzimmodzi, chifukwa masiku amenewo palibe ankafuna kuti dzina lake lilembedwe paliponse.

Tsopano apa ndi pamene ndimavutika kufotokoza. Amayi a pa komboni anayamba kulira maliro, apongozi anga akudzigwetsa pansi n'kumagubuduka m'fumbi, koma ine ndinangoyima, diresi lili m'manja. Sindinalire, sindinakuwe, ngakhale mtima sunagunde mwamsanga. Zinali ngati wina wandithira phula m'chifuwa. Ndinkaona zonse bwinobwino koma ngati zikuchitikira anthu ena kutali, ndipo chimene chinkazungulira m'mutu mwanga, Mulungu andikhululukire, chinali chakuti nyemba ndasiya pamoto zija zipserera. Ndinayesa kupemphera, ine amene pemphero silindisowa pakamwa, koma mawu ake onse anali atathawa.

Amayi anandikhazika pansi n'kundizungulira, akudikira kuti ndiyambe, poti kwathu kuno mayi wa mwana ndi amene amatsogolera kulira, enawo amangolandira. Anadikira, ine duu. Apongozi anga anandigwedeza mapewa, akulankhula Chilomwe chosakaniza ndi Chichewa, akuti iwe ndiwe mayi wanji, kodi mwanayu unachita kutola pa msewu, ngakhale mbuzi imalira mwana wake akagwidwa. Kumbuyo kwanga ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti maso ouma chonchi si abwino, mwina mwini wake akudziwapo kanthu. Ndinamva zonsezo, ndipo sizinandipweteke n'komwe. Ndinangoona kuti phokoso landichulukira, ndiye ndinadzuka n'kuyamba kuyenda m'mphepete mwa damu, ndipo anandisiya, mwina poganiza kuti ndikukalirira pandekha.

Sindinkapita kwina kulikonse, miyendo inkangoyenda yokha. Ndinazungulira mpaka kutsidya, kulira kuja kukumveka patali, n'kukhala pansi pafupi ndi bango. Boti lija linali pomwepo, mwina mayadi khumi kuchokera pamtunda, msana wake wa buluu ukuwala padzuwa. Mphepo inali italeka. Ndinakhala ndikuyang'ana nyerere zikukwera pa mwendo wanga, osazichotsa.

Ndiye ndinamva kugogoda. Go, go, go, kenako zii. Ndinati mwina ndi bango likugunda boti. Kunabweranso, go, go, go, ndipo pambuyo pake kamawu kakang'ono, kochokera ngati pansi pa nthaka, kakuyitana amayi.

Anzanga, mukuganiza kuti ndinadumpha? Ayi. Ichi ndi chimene sindinauzepo anthu ambiri. Ndinangokhala pomwepo, tsitsi lokha ndi limene linayima, chifukwa ndinkadziwa ndithu kuti mwana wanga ali pansi pa damu kumene amuna akufufuza ndi nsungwi, ndiye amene akundiyitanayu ndani? Tinakula tikumva kuti munthu wofera m'madzi amayitana wake kuti amutsatire, ndipo ukayankha wapita. Ine wa kutchalitchi ndinkati zimenezo ndinazisiya kale, koma tsiku limenelo ndinazipeza zili momwemo. Ndinakhala, mawu akuyitana, ine osayankha, ndipo sindikudziwa kuti panapita nthawi yayitali bwanji, mwina yokwana kuphika tiyi, mwina kupitirira. Mwana wanga akundiyitana, ine ndili phee ngati chitsa.

Chimene chinandidzutsa n'chakuti mawu aja anasiya kuyitana n'kuyamba kudandaula, akuti manja akuwawa, atopa, ndiponso akumva ludzu. Ndinadzifunsa kuti kodi mzimu umatopa manja? Ndinayika diresi pa udzu, ndinalipinda kaye bwinobwino, taganizani, kenako ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno, matope akundigwira miyendo, n'kugogoda pa msana wa botilo katatu. Mkatimo munayankha katatu. Ndinayika khutu pa fayiba yotentha ija n'kumva kupuma.

Ndinayesa kulinyamula koma linali ngati lamatidwa pa madzi. Ndinamuuza kuti agwiritse pamene wagwirapo, asasiye, ndikukayitana bambo ake, ndipo anayankha kuti chabwino, ngati ndamutuma kukatunga madzi. Kubwerera kuja ndinkafuna kuthamanga koma thupi linakana, ndinkangoyenda ndawala ngati munthu wochedwa ku ntchito. Nditafika ndinauza kapitawo kuti mwana ali pansi pa boti, ali moyo, akulankhula, koma ndinanena ndi mawu omwewa ogulira mchere pa wokala, opanda moto. Anayang'anizana, wina akuti mutu wayamba, agwireni mayiwa angadziponye m'madzi, ndipo amayi awiri anandigwira mikono n'kumandisisita kuti pepani, limbani mtima, zimachitika. Ndinabwereza kachiwiri, mawu ake omwewo. Ndikanakuwa mwina akanandimvera msanga, koma kukuwako kunalibe.

Amuna anga anali atakhala pa mwala, mutu atawamanga ndi malaya. Anandiyang'ana nthawi yayitali, kenako anangodzuka n'kuyamba kuthamanga, akugwa n'kudzuka, ndipo amuna ena anawathamangira osati chifukwa chokhulupirira ine ayi, koma poopa kuti akukadzipha. Atafika anamva okha kugogoda kuja. Analowa m'madzi anthu asanu ndi mmodzi, n'kutukula mbali imodzi, boti n'kupuma ngati botolo lotsegulidwa.

Anali momwemo. Anali atakolowekera manja pa thabwa lokhalira lija, mutu uli m'kampata ka mpweya kamene kanatsala pakati pa madzi ndi mimba ya boti, milomo itayera, maso atatupa, zala zitasupuka ndi kugogoda. Manjawo anakana kumasuka, bambo ake anachita kutsegula chala chimodzichimodzi. Anthu amati anakhalamo kupitirira ola lathunthu, ine sindinganene, nthawi tsiku limenelo sinkayenda.

Maliro anasanduka nthungululu, apongozi anga anakomoka, amuna anga akulira ngati mwana wakhanda. Ine ndinamulandira, n'kumupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje, n'kumuveka diresi la kutchalitchi lija, ndipo mawu oyamba amene ndinamuuza anali omufunsa kumene wasiya patapata winayo. Ku kachipatala ka pa esiteti anati wangomwa madzi pang'ono ndi kuzizidwa, anagona tsiku limodzi n'kutuluka.

Mawa lake madala aja, khukhi wa bwana wakale, anabwera kudzationa, ndipo atamva zoti amuna anga anatseka chiboo anagwira pakamwa. Anauza amuna anga kuti mwana wanga, chimene chija sichinali chilema, mumalowa thabwa lalitali lotsikira m'madzi ngati muzu, ndi limene limagwira boti kuti mphepo isalikokere cham'mbali, ndipo mlongoti wake unali wachitsulo chopepuka choti mwana n'kunyamula, osati bulugamu. Akuti mukanangondifunsa, ine ndinkalitsuka boti limeneli Lolemba lililonse. Koma mkulu wa ku garaja, amene analinso pomwepo, anati tisaiwale mbali inayi, kuti chiboocho chikanakhala chotsegula, kapena mng'alu umodzi ukanatsala, mpweya uja ukanathawira kumwamba boti litagubuduzika, madzi n'kudzaza. Ndiye ntchito yomweyo imene inagwetsa boti ndi imenenso inasunga mpweya wa mwana wanga. Zimenezi ndazisinkhasinkha zaka zonsezi ndipo sindinazimalize. Botilo amuna anga sanaligwirenso, linakathera ku khola la ng'ombe za esiteti ngati chomwera madzi, ndipo mpaka anamwalira sanalitchulepo.

Ine phula lija silinachoke msanga. Ndinkapita ku munda, dengu kumsana, kuthyola tiyi, kubwera, kuphika, kugona, osamva kukoma kwa chakudya, osaseka, osalira. Kutchalitchi anachita pemphero lothokoza, anthu akugwetsa misozi, ine ndikungoyang'ana malata. Amayi ena anayamba kundilambalala pa mpopi, ndipo apongozi anga anatha milungu osandiyang'ana kumaso. Mumtima ndinkadziona ngati wolakwa, chifukwa ndinkadziwa nthawi imene ndinakhala pa udzu paja mwana akundiyitana.

Mvula itayamba, tsiku lina Loweruka ndinamukhazika pakati pa miyendo pakhonde kuti ndimuluke tsitsi, ndipo iye yekha, osamufunsa, anayamba kufotokoza. Akuti m'mene munali mdima muja ankamva anthu akulira, poti boti linali lisanapite kutali, ndipo anazindikira mawu a agogo ake ndi a amayi a nyumba yoyandikana nafe, ndiye anaganiza kuti basi wafa, kufa kumakhala chonchi, ndipo anafuna kungosiya thabwa lija chifukwa manja ankawawa. Koma akuti anamvetsera kuti amve mawu anga, n'kupeza kuti mulibe. Ndiye anati ngati amayi sakulira ndiye kuti sindinafe, chifukwa ndikanafa amayi akanalira kuposa onsewa, basi n'kuyamba kugogoda. Ananena zimenezi akusewera ndi kamtengo pansi, kenako n'kundiuza kuti ndisamukoke tsitsi kwambiri.

Pamenepo ndi pamene zinamasuka. Ndinalira, chipeso chili m'manja, kulira koti komboni yonse inatuluka kudzafunsa kuti wamwalira ndani, ndipo apongozi anga atamva chimene mwana wanena anakhala pansi pambali panga n'kundigwira dzanja, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinakhala ngati mayi ndi mwana wake mpaka ndinawatseka maso ndine.

Mwana ameneyo lero ndi mayi wa ana anayi, amagulitsa tomato ndi nanazi pa Nkando, ndipo chokhacho chimene chinamutsalira n'chakuti sagona m'chipinda chotseka mawindo onse. Ine chimene ndimakhulupirira n'chakuti Mulungu ananditseka pakamwa tsiku limenelo kuti makutu anga agwire ntchito, ndiponso kuti mwana wanga asamve mayi ake akumulira ali moyo. Za nthawi imene ndinakhala pa udzu ija ndinapempha chikhululukiro, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinalandira, ngakhale ikamandibwerera ndimadzukabe n'kukayima panja.

Ndiye anzanga, chinthu chimene simunachigwirepo, ngakhale muli amisiri otani, funsani amene anachionapo chikugwira ntchito musanayikemo mwana wanu. Boti likagubuduzika, yambani mwalitukula musanakafufuze pansi. Ndipo mukadzaona mayi ali duu pa tsoka la mwana wake, maso ali gwa, musamunene, musamukakamize kulira, simukudziwa chimene chamugwira. Musathamangire kulira munthu amene mtembo wake simunauone, ndipo pakati pa olira onsewo pazikhala mmodzi wokhala chete, womvetsera.